Kumanga extension imodzi ya SQLite kuti igwire ntchito pa Linux, macOS ndi Windows

SQLite, database yaing'ono yomwe D. Richard Hipp anaitulutsa koyamba m'chaka cha 2000, imalola munthu kuwonjezera ma function ake a SQL popanda kukhudza khodi ya SQLite yeniyeniyo. Mumalemba khodi yanu m'chilankhulo cha C, mumaimanga kuti ikhale laibulale yapayokha yotchedwa extension, ndipo SQLite imaitsegula pamene yayamba kale kugwira ntchito. Khodi yomwe mumalemba ndi imodzi, koma fayilo yomwe imatuluka imasiyana malinga ndi sisitemu: pa Linux ndi fayilo ya .so ya mtundu wa ELF, pa macOS ndi ya .dylib ya mtundu wa Mach-O, ndipo pa Windows ndi ya .dll ya mtundu wa PE. Fayilo yomangidwira sisitemu imodzi singatseguke pa inzake ngakhale mutaisintha dzina, choncho muyenera kumanga katatu.

Malamulo omangira ndi aafupi, ndipo munthu angawaloweze pamtima tsiku limodzi. Chimene chimadya nthawi ndi nkhani ya mayina. Dzina lililonse la function lomwe khodi yanu ikuitana liyenera kupezeka kwinakwake, ndipo masisitemu atatuwa sagwirizana pa nthawi yomwe amafunsira kuti dzinalo lili kuti. Linker, chida chomwe chimalumikiza khodi yanu ndi malaibulale pomanga, imasiyana pa sisitemu iliyonse: ya Linux imalola kuti laibulale imangidwe mayina ena asanapezeke, n'kusiya funsolo kuti lidzayankhidwe tsiku lotsegula fayilo, pamene ya macOS ndi ya Windows zimakana kumaliza ntchito mpaka dzina lililonse litapezeka. Mavuto ambiri omwe mukumane nawo amachokera pa kusiyana kumeneku.

Khodi yoyesera

Pezani kaye mafayilo awiri, sqlite3.h ndi sqlite3ext.h. Pa Debian ndi Ubuntu amabwera ndi libsqlite3-dev, pa Fedora ndi sqlite-devel, koma ine ndimakonda kuwatenga mu amalgamation ya SQLite (phukusi la khodi yake yonse) n'kuwaika m'foda imodzi ndi khodi yanga, kuti makompyuta onse atatu agwiritse ntchito mafayilo ofanana. Kenako lembani fayilo yotchedwa mtunda.c, yomwe ikupatsa SQL function yowerengera kutalika kwa pakati pa malo awiri:

```
#include <math.h>
#include "sqlite3ext.h"
SQLITE_EXTENSION_INIT1

static void mtunda(sqlite3_context *ctx, int argc, sqlite3_value **argv){
  double dx = sqlite3_value_double(argv[2]) - sqlite3_value_double(argv[0]);
  double dy = sqlite3_value_double(argv[3]) - sqlite3_value_double(argv[1]);
  sqlite3_result_double(ctx, hypot(dx, dy));
}

#ifdef _WIN32
__declspec(dllexport)
#endif
int sqlite3_mtunda_init(sqlite3 *db, char **pzErrMsg,
                        const sqlite3_api_routines *pApi){
  SQLITE_EXTENSION_INIT2(pApi);
  return sqlite3_create_function(db, "mtunda", 4,
           SQLITE_UTF8, 0, mtunda, 0, 0);
}
```

Onani kuti taitana sqlite3ext.h, osati sqlite3.h. Fayilo ya sqlite3ext.h imasandutsa dzina lililonse ngati sqlite3_value_double kuti lisakhalenso dzina loti linker ikalifufuze, koma likhale malo ena m'ndandanda wa ma function omwe SQLite imapereka kwa extension pa nthawi yoitsegula. Ndandandayo imafika kudzera mu pApi, mzere wa SQLITE_EXTENSION_INIT1 umakonza posungira adiresi yake, ndipo wa SQLITE_EXTENSION_INIT2 umaisunga pamenepo. Zotsatira zake n'zakuti extension siyenera kulumikizidwa ndi laibulale ya SQLite ngakhale pang'ono. Musalembe -lsqlite3 pomanga. Mukalemba, pulogalamu imodzi ingathe kukhala ndi ma SQLite awiri m'kati mwake, ya pulogalamuyo ndi yomwe extension yakoka, ndipo dzina lina likapita kwa SQLite yolakwika, cholakwikacho chimaonekera kutali ndi pomwe chinayambira. Ngati khodi yanu ili m'mafayilo angapo, INIT1 ilembedwe mu fayilo imodzi yokha, ndipo m'mafayilo otsalawo mulembe SQLITE_EXTENSION_INIT3.

Dzina la function yolowera, yomwe mu khodi yathu ndi sqlite3_mtunda_init, nalonso lili ndi lamulo lake. Mukapanda kulitchula potsegula, SQLite imayamba kufunafuna sqlite3_extension_init, ndipo ikalephera imapanga dzina kuchokera ku dzina la fayilo: imachotsa lib ngati ali koyambirira, imatenga zilembo zomwe zili kadontho koyamba kasanafike, imazisandutsa zing'onozing'ono, n'kuziika pakati pa sqlite3_ ndi _init. Njira imeneyi inabwera ndi SQLite 3.7.17 m'chaka cha 2013. Motero mtunda.so ndi libmtunda.so onse amafuna sqlite3_mtunda_init, koma mukasintha dzina la fayilo kukhala mtundawanga.so khodi ili yomweyo, extension sidzatsegukanso. Pofuna kupewa chisokonezo, dzina la fayilo likhale la zilembo zokhazokha, lopanda manambala. Olemba m'chilankhulo cha C++ aike extern "C" patsogolo pa function yolowerayo, chifukwa popanda mawu amenewa compiler imalisintha dzinalo mpaka SQLite osalizindikira.

Pa Linux

```
gcc -O2 -fPIC -shared -I. mtunda.c -o mtunda.so -lm -Wl,--no-undefined
```

Mawu oti -shared akuuza gcc kuti tikufuna laibulale osati pulogalamu yoyenda payokha, ndipo -fPIC akuchititsa kuti khodi ithe kugwira ntchito pa adiresi iliyonse ya memory yomwe yaikidwa. Pa purosesa ya x86-64, mukaiwala -fPIC linker imakana, ndipo uthenga wake umakuuzani mosabisa kuti "recompile with -fPIC". Mawu oti -lm akutanthauza laibulale ya masamu momwe muli hypot, ndipo aikidwe pambuyo pa mtunda.c, chifukwa linker imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja ndipo ingathe kutaya laibulale yomwe yatchulidwa pasanaoneke woifuna.

Gawo lomaliza, -Wl,--no-undefined, anthu ambiri salilemba, koma ndi lomwe ndimaliona lofunika kuposa onse. Yesani kuchotsa -lm pamodzi ndi gawo limeneli: gcc imanga fayilo osadandaula. Mukaitsegula mu pulogalamu ya sqlite3, mwina igwiranso ntchito bwinobwino, chifukwa pulogalamuyo kawirikawiri imakhala itatsegula kale laibulale ya masamu pa zosowa zake, ndipo extension yanu imangodyera pomwepo. Tsiku lomwe munthu wina adzaitsegule mu pulogalamu yomwe ilibe laibulaleyo ndi lomwe adzaone uthenga woti "undefined symbol: hypot". Mukalemba --no-undefined, linker ya Linux imakhala yokhwima ngati anzake a pa macOS ndi Windows, ndipo cholakwikacho mumachiona inu musanapereke fayilo kwa wina.

Poyesa, lowani mu sqlite3 ndi kulemba izi:

```
.load ./mtunda
SELECT mtunda(0, 0, 3, 4);
```

Yankho likhale 5.0. Kadontho ndi kamzere ka koyambirira n'zofunika, chifukwa dlopen, function yomwe imatsegula malaibulale pa Linux, ikapatsidwa dzina lopanda kamzere imakafufuza m'mafoda a malaibulale a sisitemu, osayang'ana m'foda yomwe mulimo. Ndasiya dala .so kumapeto pa zifukwa ziwiri. Choyamba, SQLite imadziikira yokha .so, .dylib kapena .dll malinga ndi sisitemu, kotero mzere umodzi womwewo umagwira ntchito kulikonse. Chachiwiri n'chobisika pang'ono. Mukalemba ./mtunda.so ndipo fayilo n'kukanika kutseguka pa chifukwa china, SQLite imayesanso powonjezera .so wina, ndipo uthenga womwe mumauona ndi wa kuyesa kwachiwiriko, woti mtunda.so.so sakupezeka. Ndinatayapo masana athunthu ndikufufuza chifukwa chomwe fayilo yomwe ndinali kuiona ndi maso anga inkanenedwa kuti palibe, pamene vuto lenileni linali laibulale ina yosowa, ndipo uthenga wake unali utakwiriridwa ndi wachiwiriwo.

Kugwira ntchito pa kompyuta yanu sikutanthauza kuti fayilo idzagwira pa Linux iliyonse. Laibulale ya glibc, yomwe ndi laibulale ya C pa ma Linux ambiri, imaika nambala ya mtundu pa mayina ake, ndipo chomwe mwamanga chimakumbukira nambala yomwe chinaipeza tsiku lomangidwa. Function yathu ya hypot ndi chitsanzo chabwino, chifukwa inalandira mtundu watsopano mu glibc 2.35. Mukamanga pa Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi glibc 2.35, n'kutengera fayiloyo pa Ubuntu 20.04 kapena Debian 11, zomwe zili ndi 2.31, idzakana ndi uthenga woti GLIBC_2.35 sikupezeka. Zomangidwa pa sisitemu yakale zimayenda pa yatsopano, koma zomangidwa pa yatsopano nthawi zambiri siziyenda pa yakale. Chifukwa chake muzimangira pa sisitemu yakale kwambiri mwa zomwe mukufuna kuthandiza, ndipo njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito container ya Docker, yomwe imayendetsa Linux ina m'kati mwa kompyuta yanu. Anthu a Python anakonza ma container a manylinux pa cholinga chomwechi, ndipo ya manylinux2014 ili ndi glibc 2.17. Lamulo la objdump -T mtunda.so limaonetsa nambala yomwe dzina lililonse likufuna. Alpine Linux ndi nkhani ina, chifukwa imagwiritsa ntchito musl m'malo mwa glibc, ndipo imafuna kumangiridwa payokha.

Ngati extension yanu imadalira laibulale ina yomwe muzipereka limodzi nayo, wonjezerani -Wl,-rpath,'$ORIGIN' pomanga, kuti laibulaleyo izifunidwa m'foda yomwe muli extension. Musaiwale timizere togwira mawuto, apo ayi shell idzayesa kumasulira $ORIGIN n'kusiya malo opanda kanthu. Lamulo la ldd mtunda.so limatchula malaibulale onse ofunika ndi komwe apezeka, ndipo la nm -D mtunda.so limaonetsa mayina omwe fayilo ikupereka ndi omwe ikufuna.

Pa mayina operekedwawo pali chenjezo limodzi. Linux imatulutsira kunja function iliyonse yomwe simunailembe static, ndipo SQLite imatsegula ma extension m'njira yoti mayina awo aonekere kwa otsegulidwa pambuyo. Ma extension awiri akakhala ndi function ya dzina lofanana, wachiwiri angathe kuitana ya woyamba mosadziwa. Lembani static paliponse pomwe n'kotheka, kapena mangani ndi -fvisibility=hidden, koma mukatero muike __attribute__((visibility("default"))) pa function yolowera, chifukwa nayonso imabisika.

Pa macOS

```
clang -O2 -dynamiclib -I. mtunda.c -o mtunda.dylib
```

Zida zomangira zimabwera mukalemba xcode-select --install. Pa macOS dzina loti gcc limangoitana clang ya Apple, choncho lamuloli ligwira ntchito ndi dzina lililonse mwa awiriwa. Simufunika -lm, chifukwa masamu ali m'kati mwa libSystem. Ngati linker yadandaula kuti sikupeza mayina oyamba ndi _sqlite3_, ndiye kuti penapake mwaitana sqlite3.h m'malo mwa sqlite3ext.h. Ena amatseka pakamwa linker powonjezera -undefined dynamic_lookup, zomwe zimaichititsa kulekerera ngati ya Linux. Njira imeneyi ili ndi malo ake pa ma extension a Python, koma pa SQLite imangobisa cholakwika chomwe chikanakonzedwa posintha mzere umodzi.

Chopunthwitsa choyamba pa Mac sichili mu khodi yanu. Pulogalamu ya sqlite3 yomwe imabwera ndi macOS inamangidwa popanda kuthekera kotsegula ma extension, choncho lamulo la .load siligwira ntchito m'menemo. Ikani SQLite ya Homebrew, chida choikira mapulogalamu pa Mac, polemba brew install sqlite. Homebrew saiika patsogolo pa ya Apple, kotero muyenera kuitchula ndi adiresi yake yonse, yomwe ndi /opt/homebrew/opt/sqlite/bin/sqlite3 pa makompyuta a purosesa ya Apple, kapena /usr/local/opt/sqlite/bin/sqlite3 pa a Intel.

Chachiwiri ndi mapurosesa. Kuyambira mu November 2020, pamene Apple inatulutsa M1, pali mitundu iwiri ya Mac, ya arm64 ndi ya x86_64. Pulogalamu ya Intel imatha kuyenda pa M1 kudzera mu Rosetta 2, koma pulogalamu imodzi singasakanize mitundu iwiriyi m'kati mwake. Ngati pulogalamu yotsegula ndi ya x86_64 ndipo extension ndi ya arm64, uthenga umanena za "incompatible architecture" ngakhale zonse zili pa kompyuta imodzi. Yankho ndi kumanga fayilo yokhala ndi mitundu yonse iwiri:

```
clang -O2 -dynamiclib -arch arm64 -arch x86_64 -mmacosx-version-min=11.0 -I. mtunda.c -o mtunda.dylib
```

Lamulo la lipo -info mtunda.dylib limatsimikiza kuti zonse zalowamo, ndipo otool -L imagwira ntchito yomwe ldd imagwira pa Linux. Chofanana ndi $ORIGIN pano ndi @loader_path, ndipo adiresi za malaibulale zimasinthidwa ndi install_name_tool. Khodi ya arm64 iyenera kukhala ndi siginecha, yomwe linker imaiika yokha. Mukasintha fayilo itamangidwa kale ndipo yayamba kukanidwa, sainaninso polemba codesign -f -s - mtunda.dylib. Fayilo yokopedwa pa intaneti ndi browser imakhalanso ndi chizindikiro cha com.apple.quarantine, chomwe chimachititsa macOS kuikana, ndipo ngati mukuikhulupirira mungachichotse ndi xattr -d com.apple.quarantine mtunda.dylib.

Pa Windows

Pali njira ziwiri. Ya Microsoft imafuna Visual Studio kapena Build Tools zake, ndipo lamulo liyenera kulembedwa m'windo lotchedwa x64 Native Tools Command Prompt, chifukwa ndi momwe cl, compiler ya Microsoft, imapezeka ndi zonse zoyenera:

```
cl /O2 /I. mtunda.c /link /dll /out:mtunda.dll
```

Njira yachiwiri ndi MinGW-w64, yomwe ubwino wake ndi wakuti mutha kumangira Windows muli pa Linux:

```
x86_64-w64-mingw32-gcc -O2 -shared -I. mtunda.c -o mtunda.dll -static-libgcc
```

Apa ndi pomwe mzere wa __declspec(dllexport) umagwira ntchito. Compiler ya Microsoft situlutsira kunja dzina lililonse pokhapokha mutaiuza, zomwe zili zosemphana ndi Linux. MinGW yokha, ikaona kuti palibe dzina lomwe lalembedwa dllexport, imatulutsa onse. Choncho munthu woiwala mzerewu amaona zonse zikuyenda ndi MinGW, ndipo tsiku lomwe wasamukira ku cl amalandira uthenga woti "The specified procedure could not be found". Lamulo la dumpbin /exports mtunda.dll limaonetsa ngati sqlite3_mtunda_init ilipo.

Mauthenga ena awiri a Windows ndi osocheretsa, ndipo ndi bwino kuwadziwiratu. Woti "The specified module could not be found" sunena kuti chosowacho ndi chiti. Nthawi zambiri mtunda.dll imakhala ilipo, koma DLL ina yomwe imadalira ndi yomwe yasowa, monga vcruntime140.dll ngati munamanga ndi /MD (yomwe imasiya zofunika za C m'ma DLL akunja), kapena libwinpthread-1.dll ngati munagwiritsa ntchito MinGW. Lembani dumpbin /dependents mtunda.dll, kapena objdump -p ngati muli ndi MinGW, kuti muone mndandanda wake. Dziwaninso kuti Windows sifufuza ma DLL amenewa m'foda ya extension yanu: imayang'ana m'foda ya pulogalamu yotsegulayo, m'mafoda a sisitemu ndi m'mafoda otchulidwa mu PATH. Pa extension yaing'ono, chanzeru n'kumanga ndi /MT kuti zofunika zonse za C zilowe mu DLL momwemo. Mukaitana cl mwachindunji ndi momwe imachitira kale, koma CMake, chida choyendetsa ntchito yomanga, imasankha /MD mukapanda kuiuza zina. Uthenga winawo, woti "%1 is not a valid Win32 application", umatanthauza kuti mwasakaniza 32-bit ndi 64-bit, ndipo chofunika kugwirizana ndi DLL yanu ndi pulogalamu yotsegulayo, osati Windows yeniyeniyo. Python ya 32-bit pa Windows ya 64-bit imafuna DLL ya 32-bit.

Kusankha /MT kuli ndi chotsatira chomwe chimakhudza kalembedwe ka khodi. DLL yanu imakhala ndi malloc ndi free zakezake, zosiyana ndi za pulogalamu yotsegula, choncho memory yotengedwa mbali imodzi isamasulidwe mbali inayo. Chilichonse chomwe SQLite idzachimasule, monga uthenga woikidwa mu pzErrMsg, chitengedwe ndi sqlite3_malloc kapena sqlite3_mprintf. Pa Linux kulakwitsa kumeneku kungathe kukhala zaka osaonekera, koma pa Windows pulogalamu ingathe kugwa. Samalaninso ndi mtundu wa long, womwe pa Linux ndi macOS za 64-bit uli ndi ma bit 64 koma pa Windows uli ndi 32 okha. Nambala yoposa 2,147,483,647 idzaonongeka mwakachetechete pa Windows pokha, choncho gwiritsani ntchito sqlite3_int64.

Kutsegula kuchokera mu pulogalamu ina

Pulogalamu ya sqlite3 imalola .load kuyambira pachiyambi, koma laibulale ya SQLite ikakhala m'kati mwa pulogalamu ina, kutsegula ma extension kumakhala kotsekedwa pofuna chitetezo, ndipo mukayesa mumalandira uthenga woti "not authorized". Mu C mumatsegula ndi sqlite3_db_config pogwiritsa ntchito SQLITE_DBCONFIG_ENABLE_LOAD_EXTENSION. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa sqlite3_enable_load_extension, chifukwa imalola khodi yanu ya C yokha, osalola munthu kutsegula fayilo kudzera mu SQL. Mu Python zimaoneka motere:

```
import sqlite3
db = sqlite3.connect(":memory:")
db.enable_load_extension(True)
db.load_extension("./mtunda")
db.enable_load_extension(False)
print(sqlite3.sqlite_version, db.execute("SELECT mtunda(0,0,3,4)").fetchone())
```

Ngati Python yanena kuti enable_load_extension kulibe, ndiye kuti inamangidwa popanda --enable-loadable-sqlite-extensions, zomwe zimachitika kawirikawiri pa macOS, ndipo muyenera kupeza Python ina, chifukwa kusintha extension sikungathandize.

Ndaikamo sqlite_version pa chifukwa. Ndandanda ya ma function yomwe imabwera kudzera mu pApi imatalika SQLite ikamakula, ndipo ma function atsopano amaikidwa kumapeto kwake. Mukamanga ndi sqlite3ext.h yatsopano n'kuitana function yomwe SQLite ya pulogalamu yotsegulayo ilibe, linker sidandaula ndipo fayilo imatseguka, koma khodi yanu imakawerenga kupitirira pomwe ndandandayo yathera, pulogalamu n'kugwa popanda uthenga womveka. SQLite ya mu Python, ya pulogalamu ya sqlite3 ndi ya sisitemu zingathe kukhala za mitundu itatu yosiyana pa kompyuta imodzi. Ngati mukudalira function yatsopano, itanani sqlite3_libversion_number() mukangomaliza SQLITE_EXTENSION_INIT2, yerekezani ndi nambala yomwe mukufuna, mwachitsanzo 3035000 pa SQLite 3.35.0, ndipo ikachepa ikani uthenga womveka mu pzErrMsg n'kubweza SQLITE_ERROR musanalembetse function iliyonse.